Kugula Mipando ndi Zokongoletsera Nyumba mu Mzinda wa Blantyre

Munthu amene akufuna kugula mipando, bedi, kabati kapena makatani mu mzinda wa Blantyre asayambire kusitolo kapena kwa kalipentala, koma ayambire m'nyumba mwake momwemo, tepi yoyezera ili m'manja. Ayeze pabalaza m'litali ndi m'lifupi, ayeze chipinda chogona, ayeze mawindo, ndipo koposa zonse ayeze zitseko ndi njira yonse imene katunduyo adzadutse kuchokera pageti kufikira pamalo pamene adzakhale. Zitseko za nyumba zambiri zimakhala za masentimita pafupifupi 80 m'lifupi, ndipo nyumba zakale za Malawi Housing Corporation, monga za ku Nkolokosa, Chitawira ndi Kanjedza, zinamangidwa masofa onenepa ngati mvuu a masiku ano asanabwere. Si zachilendo kuona sofa yatsopano itagona pakhonde, eni ake akukambirana ndi alandilodi ngati n'kotheka kuzula felemu ya chitseko. Miyezo yonseyi ilembedwe papepala kapena mufoni, chifukwa m'sitolo yaikulu ya denga lalitali chinthu chilichonse chimaoneka chaching'ono.

Mukatha kuyeza, ganizirani chimene chiyenera kuyamba, popeza ndi ochepa amene angadzaze nyumba yonse ndi malipiro a mwezi umodzi. Ine ndimalangiza kuti bedi ndi matiresi ziyambe, tebulo ndi mipando yake zitsatire, sofa ibwere pambuyo, ndipo kabati yagalasi yoonetsera mbale ikhale yomaliza, ngakhale kuti ambiri mwa ife tinakulira m'nyumba zimene kabati yotereyi inali ulemu wonse wa pabalaza. Alendo amakhala pasofa maola awiri n'kutsanzika, pamene msana wanu umagona pamatiresi usiku uliwonse. Pankhani ya mitengo, musadalire ndalama zimene mnzanu anagulira chaka chatha. Chitsitsidwire mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya siponji, nsalu, guluu, vanishi ndi mahinjesi, zimene zambiri zimachokera kunja, yakhala ikusintha kawirikawiri. Njira yodalirika ndiyo kufunsa malo atatu m'sabata imodzi, pa chinthu chofanana kukula kwake ndiponso thabwa lake.

Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri osiyana mpaka pamene anaphatikizidwa mu 1956, ndipo wogula amakuonabe kusiyanako lero. Pakati pa tauni ya Blantyre, m'misewu monga Victoria Avenue ndi Haile Selassie, komanso ku Chichiri, ndiko kuli masitolo a katundu wopangiratu, wambiri wochokera ku South Africa ndi ku China, ndipo mtengo wake umakhala wolembedwa kale. Ku Limbe ndiko kwa nsalu, makapeti, ziwiya ndi mahadiweya, ndipo kumeneko wogula wodekha amatha kunenerera. Pakati pa matauni awiriwa, mumsewu wa Masauko Chipembere, pali Ginnery Corner, kumene mungapeze penti ndi zipangizo zina. Koma mipando yambiri imene ili m'nyumba za anthu a mu mzinda uno sinatuluke m'masitolo amenewa. Inakhomedwa pansi pa zisakasa za malata ku Ndirande, Chirimba, Mbayani, Zingwangwa, Chilomoni ndi Bangwe, kumene akalipentala amayala mabedi ndi masofa m'mbali mwa msewu, ogulitsa matabwa ali pafupi, owotcherera zitsulo ali tsidya lina. Kuyendera malo onsewa kumafuna masiku awiri kapena atatu, ndipo kumbukirani kuti masitolo ena a ku Limbe amatseka Lachisanu masana chifukwa cha mapemphero.

Thabwa lisanapakidwe vanishi

Chinthu chachikulu chimene wogula ayenera kuphunzira ndi kuyang'ana zimene zili kuseri kwa vanishi ndi nsalu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwambi umenewu ukadakhala kuti unapangidwira mipando sukadasintha liwu ngakhale limodzi. Vanishi amabisa ming'alu, amabisa mabowo otsekedwa ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, ndipo akasakanizidwa ndi utoto wofiirira amatha kusandutsa paini kuoneka ngati mbawa.

Matabwa ofala kwambiri ndi a paini, amene ambiri amachokera ku nkhalango ya Chikangawa kumpoto ndi m'mapiri a Zomba ndi Dedza. Paini ndi wopepuka, woyera, wa mfundo zambiri, ndipo ndi wofewa moti chikhadabo chimasiya chizindikiro mukakanikiza. Alibe vuto pa mashelefu, matebulo aang'ono ndi felemu ya m'kati mwa sofa, malinga akhale wouma ndiponso wopakidwa mankhwala monga Solignum m'malo osaoneka, chifukwa chiswe chimamukonda. Bulugamu ndi wolimba ndiponso wolemera, koma akachekedwa n'kugwiritsidwa ntchito asanaume amang'ambika ndi kupindika kuposa matabwa ena onse. Malaina ndi wopepuka ndipo akauma bwino sasuntha, kungoti amachedwa kuuma. Pamwamba pa onsewa pali mbawa, wofiirira ndi wosalala, ndi mlombwa, umene mtima wake chiswe sichiudya msanga ndipo sufota kwambiri ukamauma. Pogula cha mlombwa yang'anani ngati mmisiri sanaphatikizemo mbali yoyera ya kunja kwa mtengo, pakuti mbali imeneyo ndiyo imafumbwa, pamene yofiirira ya m'kati imakhala zaka ndi zaka.

Kuti mudziwe ngati mukugulitsidwa thabwa limene mwauzidwa, tembenuzani mpando muone kunsi kwake, tulutsani dirowa muone kumbuyo kwake, kapena pemphani kuti apale pang'ono pamalo osaoneka. Utoto umakhala pamwamba pokha, ndipo pansi pake paini amakhalabe woyera. Mmisiri woona mtima sakwiya ndi pempho limeneli, mwinanso amayamba ndi iyeyo kukutembenuzirani.

Pali thabwa limodzi limene muyenera kulikana ngakhale mtengo wake utakoma bwanji, ndilo la mkungudza wa m'phiri la Mulanje. Mtengo umenewu, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lino mu 1984, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha imene inatsala m'phirimo. Bokosi lonunkhira limene wina angakuonetseni monong'ona kuti ndi la mkungudza, ngati si lakale la makolo, ndiye kuti mwina ndi la mtengo wobedwa kapena ndi la mtengo wina wongopatsidwa dzinalo. Ngakhale mbawa ndi mlombwa zikusowa chaka ndi chaka, motero si kulakwa kufunsa kumene matabwawo anachokera.

Kuuma kwa thabwa n'kofunika kuposa mtundu wake, ndipo izi ndinaziphunzira ndi ndalama zanga. Chaka china ndinapangitsa wadiropu ya zitseko zitatu kwa kalipentala wina, mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. Inafika yonyezimira, zitseko zikutsekeka bwinobwino, ndipo aliyense wobwera ankafunsa kumene ndinaigula. Pofika Okutobala, dzuwa litawomba, chitseko chapakati chinapindika ngati lichero, pakati pa matabwa a m'mbali panatseguka mpata wolowa ndalama yachitsulo, ndipo loko analeka kugwira. Mmisiriyo sanabe kanthu, koma anagula matabwa ongochekedwa kumene ndipo ine sindinafunse. Thabwa limafota m'lifupi pamene madzi akutuluka, ndipo likafota litakhomedwa kale, limakoka chilichonse chimene lalumikizidwa nacho. Thabwa laliwisi limazizira ndi kulemera m'manja, utuchi wake umagwirana mukaufinya, ndipo likapalidwa limatuluka ubweya m'malo mosalala. Funso lakuti, "Amisiri, matabwawa anachekedwa liti?" lifunsidwe musanakambirane mtengo. Ngati muli ndi malo, gulani nokha matabwa, muwasanje pamthunzi mopingasa timitengo pakati pawo kuti mphepo izidutsa, ndipo muwasiye miyezi ingapo musanawapereke kwa mmisiri.

Mabolodi opangidwa kufakitale nawonso ndi osiyana. Pulayiwudi ndi bulokubodi, zimene kampani ya Raiply imapanga ku Chikangawa, zimagwira misomali ndipo zimapirira. Chipibodi ndi MDF, zimene makabati ambiri ochokera kunja amapangidwira, ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu, wokutidwa ndi chikuto chokongola. M'nyumba zathu timakolopa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo madzi akafika kunsi kwa kabati yotereyi, bolodi limatupa ngati buledi woviikidwa m'tiyi ndipo silibwereranso. Komanso masikuluwu ake akamasulidwa kawiri kapena katatu saluma, zimene ndi vuto kwa munthu wa lendi amene amasamuka kawirikawiri. Mukagula kabati yotere, onetsetsani kuti ili ndi miyendo yoikweza pansi.

Molumikizira ndi m'kati mwa sofa

Mpando umafera molumikizira. Mmisiri wodziwa ntchito amaboola thabwa limodzi, n'kusema linzake kuti lilowe m'bowolo mothina, kenako n'kuthira guluu. Wofulumira amangogundanitsa matabwa awiri n'kukhoma misomali, ndipo mpando wotero umayamba kulira pasanathe chaka. Poyesa, ikani mpando pamalo osalala, gwirani chotsamira ndipo muugwedeze uku ndi uku. Khalanipo, tsamirani kumbuyo monga amachitira ana asukulu, ndipo mvetserani. Tebulo likanikizeni pangodya imodzi muone ngati mwendo wina sukunyamuka. Madirowa akokeni mpaka kumapeto ndi kuwabwezera ndi dzanja limodzi. Tebulo lodyera limakhala bwino likatalika masentimita pafupifupi 75, mpando wake 45, ndipo kusiyana kumeneku kukachepa, ntchafu zimakhula kunsi kwa tebulo.

Pa bedi, yambani mwagula matiresi kapena mwadziwa muyezo wake weniweni, kenako mupangitse bedi. Matiresi a munthu mmodzi kawirikawiri amakhala a masentimita 91 m'lifupi, otsatira 107, a dabulo 137, a queen 152 ndipo a king 183, onse otalika pafupifupi 188, koma opanga ena amasiyanako pang'ono, n'chifukwa chake tepi iyenera kutsimikiza. Bedi la dabulo kapena lokulirapo likhale ndi thabwa lapakati lokhala ndi mwendo wake, ndipo timatabwa togonekapo matiresi tisatalikirane kuposa chikhatho. Mabedi achitsulo a owotcherera ndi olimba ndipo chiswe sichiwakhudza, koma yang'anani ngati powotcherera pazungulira chitsulo chonse kapena angodonthezapo, ndiponso ngati anapaka penti yoletsa dzimbiri asanapake yakunja.

Sofa ndiyo imanamiza anthu kwambiri, chifukwa zonse zofunika zimakhala zokutidwa. Felemu ikhoza kukhala ya zidutswa za matabwa otsala, malamba ogwira pokhalira akhoza kukhala ochepa ndi otalikirana, ndipo siponji ikhoza kukhala yopepuka imene imafota pakatha miyezi isanu ndi umodzi mpaka munthu n'kumamva thabwa kunsi. Sofa yopangiratu inyamuleni pangodya imodzi yakutsogolo: mwendo winawo ukanyamuka nawo, felemu ndi yolimba, koma ukatsalira pansi, ndiye kuti felemu ikupotoka. Kanikizani siponji ndi chibakera ndipo muone ngati ikubwerera msanga. Siponji yabwino imalemera, ndipo kuuma kokha si umboni, popeza ilipo youma koma yopepuka imene imanyenyeka. Sankhani makushoni a zipi kuti muzitha kuchapa nsalu ndi kusintha siponji. Nsalu yoyerekeza chikopa imakongola ikadali yatsopano, koma kutentha kwa Okutobala ndi thukuta zimaisenda, ndipo ikayamba kusendeka siikonzeka. Nsalu yolukidwa mothina ya mtundu wosaonetsa fumbi imakhalitsa m'nyumba ya ana.

Kupangana ndi mmisiri

Mmisiri wabwino amapezeka kudzera mwa anthu amene anawapangira zinthu zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, osati mwezi watha. Pitani mukaone katunduyo m'nyumba mwawo. Alipo amisiri amene anaphunzira ku Soche Technical College kapena m'masukulu ena a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, ndipo alipo amene anaphunzirira pamanja a amalume awo. Pepala la kusukulu limathandiza, koma dirowa imene ikutsegukabe bwino pakatha zaka zinayi imanena zambiri kuposa pepala.

Mukagwirizana, lembani. Papepala pakhale chithunzi kapena chojambula cha chinthucho, miyezo yake, mtundu wa thabwa, makulidwe a siponji, kachidutswa ka nsalu imene mwasankha, mtengo wonse, dipoziti ndi tsiku lomaliza ntchito, ndipo aliyense asunge lake. Dipoziti ikhale yogulira zipangizo basi, isapitirire kwambiri theka la mtengo, ndipo ndi bwino kuilipira pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga wake ukhale umboni. Pa sofa, nenani poyambirira kuti mudzabwera kudzaona felemu isanakutidwe, ndipo pa kabati kapena tebulo, kuti mudzaona vanishi asanapakidwe. Ulendo umodzi umenewu ndiwo umapulumutsa ndalama zambiri kuposa kunenerera konse.

Kunenerera n'koyenera, koma kuli ndi malire amene wogula ayenera kuwadziwa mwa iye yekha. Kalipentala amene mwamufinya mpaka wavomera mtengo wosakwanira sakana ntchitoyo, chifukwa ana ake akudikira ufa. Chimene amachita ndi kuchepetsa siponji, kutalikitsa malamba ndi kupaka vanishi kamodzi m'malo mwa katatu. Ngati ndalama zachepa, chepetsani kukula kwa chinthucho kapena zokometsera zake, osati thabwa ndi siponji. Pa nthawi, onjezerani sabata imodzi kapena ziwiri pa tsiku limene wanena, pakuti magetsi akathima makina opalira ndi ochekera amaima, ndipo m'nyengo ya maukwati ndi pafupi ndi Khirisimasi amisiri amalandira ntchito zoposa manja awo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta mzinda, vanishi amachedwa kuuma ndipo nthawi zina amachita mbuu, motero musakakamize kutenga katundu tsiku limene wapakidwa.

Masitolo ndi katundu wakale

Ubwino wa sitolo ndi wakuti mumaona chinthu chomalizidwa, mumalandira lisiti, ndipo pali khomo loti mukagogodepo zinthu zikavuta. Funsani ngati pali chitsimikizo chokonza kapena kusintha katundu, cha miyezi ingati, ndipo zilembedwe palisiti. Funsaninso ngati mtengo ukuphatikiza kukufikitsirani ndi kukulumikizirani kunyumba. Pogula pangongole yolipira mwezi ndi mwezi, musamve ndalama za pamwezi zokha, koma muwerengetse zonse zimene mudzakhale mutalipira pomaliza ndi kuziyerekeza ndi mtengo wa kashi. Kulipira pang'onopang'ono katundu ali m'sitolo momwemo kumakhala kotsikirapo, malinga mugwirizane kuti mtengo sudzakwera pakati panjira. Pa matiresi yang'anani chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards. Ngati sitolo yakugulitsani chinthu chosiyana ndi chimene inalonjeza ndipo ikukana kukambirana, madandaulo amapita ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo bungwe la Consumers Association of Malawi limalangizanso ogula. Konseko chimene adzayambe kufunsa ndi lisiti. Chionetsero cha zamalonda chimene chimachitika pabwalo la Trade Fair ku Chichiri chimathandizanso, chifukwa opanga mipando angapo amakhala pamalo amodzi ndipo mutha kuyerekeza ntchito zawo osakwera minibasi.

Katundu wakale amapezeka kwa anthu amene akusamuka, m'magulu a pa Facebook ndi WhatsApp, ndiponso kumaokushoni amene amalengezedwa m'nyuzipepala. Kumeneku ndiko mungapeze tebulo la mlombwa lenileni lopangidwa kale matabwa otambalala asanasowe, lofuna sandipepala ndi vanishi basi. Musatumize ndalama musanaone chinthucho ndi maso, ndipo pemphani kalata yosonyeza kuti mwagula kwa mwini wake, kuopa kusunga katundu wakuba. Yang'anani timabowo ting'onoting'ono ndi ufa wa thabwa pansi pake, zimene zimasonyeza kuti mukufumbwa. Pa bedi ndi sofa tengani tochi muunike m'misoko ndi molumikizira, ndipo mukaona timadontho takuda, dziwani kuti muli nsikidzi. Matiresi akale ine sindilangiza munthu kugula ngakhale atatsika mtengo chotani.

Zokongoletsera

Palibe chimene chimasintha chipinda msanga ndi ndalama zochepa kuposa penti yatsopano ndi makatani, ndipo ziwirizi zisankhidwe sofa itadziwika mtundu wake. Nsalu ya makatani gulani ku Limbe pamita, yotalika m'lifupi kawiri kuposa windo kuti ipindike bwino, ndipo muichape musanapite nayo kwa telala, chifukwa ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba. Mawindo oyang'ana kumadzulo amafuna nsalu ina yakumbuyo yoteteza dzuwa, apo ayi mtundu umafwifwa m'chaka chimodzi. Chitenje, kaya cha Mapeto David Whitehead chopangidwa mu mzinda mom'muno kapena chochokera kunja, chimakongola pamakushoni, pansalu yapatebulo kapena chitakokedwa pafelemu n'kupachikidwa pakhoma. Chenjezo langa ndi lakuti chitenje chili ndi mawu okweza: makushoni awiri kapena atatu amakwanira, koma makatani, sofa ndi tebulo zonse zikavala zitenje zosiyana, pabalaza pamaoneka ngati pamsika.

Ku Bangwe kuli fakitale yoluka imene ambiri amaidziwa ndi dzina la MACOHA, kumene anthu aulumali amaluka ndi manja makapeti, nsalu zopachika pakhoma ndi zoyala patebulo. Ntchito yawo ndi yolimba, ndipo ndi zomvetsa chisoni kuti alendo ochokera kunja amaidziwa bwino kuposa anthu okhala makilomita ochepa kuchokera pamenepo. Chimodzimodzi mipando yoluka ya nsungwi ndi bango, imene ku South Africa ndi ku Ulaya imagulitsidwa ndi dzina la dziko lathu pamtengo wokwera, kuno timaidutsa m'mbali mwa msewu osacheuka. Poigula, yendetsani dzanja paliponse kuti mumve ngati palibe nsonga zobaya, onani ngati kuluka kuli kothina, ndipo muikhazike pamalo osalala muone ngati miyendo yonse ikugunda pansi. Imakhalitsa pakhonde lofoleredwa kapena m'nyumba, koma mvula ndi dzuwa lachindunji zimaiwononga. Mikeka ndi madengu a mlaza ochokera kunyanja, malichero ndi nsengwa, zimakongoletsa khoma kapena pansi pamtengo wochepa kwambiri; ziyanikeni padzuwa tsiku limodzi ndi kuzikung'untha musanazilowetse.

Ziboliboli ndi zojambula zimagulitsidwa ndi mavenda pakati pa tauni, komanso ku Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882, kumene kuli malo oonetsera ndi kugulitsa zaluso. Pa ziboliboli zakuda samalani, chifukwa si chakuda chilichonse chimene chili phingo: ena amapaka polishi wa nsapato pamtengo wamba. Phingo ndi wolemera modabwitsa, kawirikawiri amakhala ndi kambali koyera penapake, ndipo sadetsa kansalu koyera konyowa mukapukuta kunsi kwake. Amene ali ndi ulendo wa ku Lilongwe akhoza kuima ku Dedza Pottery kugula mbale, makapu ndi matailosi ojambulidwa, ndipo wodutsa msewu wa kunyanja akhoza kupatukira ku Mua, kumene malo a KuNgoni, amene anayambitsidwa mu 1976, ali ndi amisiri osema odziwika dziko lonse. Mbiya ndi mitsuko wamba ya kumsika imakhala miphika yabwino ya maluwa mukaiboola kunsi, ndipo mbande za maluwawo zimagulitsidwa m'mbali mwa misewu ndi mitsinje ya mu mzinda.

Kufikitsa katundu kunyumba

Magalimoto a hayala amaima pafupi ndi misika ikuluikulu. Gwirizanani mtengo musanakweze kanthu, ndipo mufotokoze bwino kumene mukukhala, chifukwa Blantyre ndi mzinda wa mapiri ndipo nyumba zambiri za ku Ndirande, Chilobwe ndi Bangwe galimoto siifika pakhomo. Nenani ngati aganyu onyamula ali pamtengo womwewo kapena ayi. Tengani mabulangete akale ndi makatoni oika pamene chingwe chikhudza thabwa, chotsani madirowa ndi magalasi kuti ziyende pazokha, ndipo m'nyengo ya mvula musanyamuke popanda tenti ngakhale kumwamba kutayera. Inu kapena munthu wanu akwere nawo galimotoyo.

Ndalama zotsala zilipiridwe katundu atalowa m'nyumba, zitseko zake zitatsegulidwa ndi kutsekedwa pamaso pa mmisiri kapena wa kusitolo. Pansi pa nyumba zambiri si posalala, motero wadiropu imene inali bwino kumsika ikhoza kupendama kwanu. Kachidutswa ka thabwa kunsi kwa mwendo kamathetsa vutolo, ndipo wadiropu yaitali ya m'chipinda cha ana imangiriridwe kukhoma kuti isawagwere akamakwera. Siyani mpata wolowa dzanja pakati pa kabati ndi khoma lakunja kuti chinyezi cha m'dzinja chisalowe m'thabwa, ndipo kamodzi pamwezi muzisuntha katunduyo n'kuyang'ana kumbuyo ndi kunsi ngati chiswe sichinayambe kumanga tinjira take ta dothi.